FUNSANI ANKOLO: Kawailesi ka pa intaneti, bilu yake amalipira ndani?

Mwezi uno makalata anu ambiri agwera mbali imodzi, nkhani ya mawailesi a pa intaneti ndi ndalama za oimba. Ena ndawafupikitsa, musakwiye. Funso loyambali ladya malo ambiri chifukwa mayankho a enawo akutsamira pomwepo.

Ankolo, ine ndimakhala ku South Bend, ku Indiana kuno, ndipo mu kompyuta mwanga muli nyimbo zakumudzi zambirimbiri, zina za pa kaseti zija ndinachita kusamutsa ndekha. Ndimafuna nditsegule kawailesi ka pa intaneti kuti anzathu ali kunja kuno azimverako, ndizisakanizako ndi rumba, reggae ndi country pang'ono. Sindikufuna phindu ayi. Koma mnzanga wina wandiopseza kuti eti akandipeza adzandilipiritsa madola masauzande. Zoona zimenezi kapena ndi nsanje chabe?
Bambo P., South Bend

Achimwene, mnzanuyo musamuyese wansanje, wakuuzani zoona ndithu. Ndipo zoti simukufuna phinduzo sizikupulumutsani, lamulo la ku America silifunsa ngati mwapezapo kanthu, limangofunsa kuti nyimbo zingati zalowa m'makutu a anthu angati.

Nyimbo iliyonse ili ndi eni ake mbali ziwiri. Pali amene anaipeka, mawu ndi kayimbidwe kake, ndiye pali mwini wa chojambula chenichenicho chimene chinatuluka mu situdiyo, amene nthawi zambiri ndi kampani yojambula, kapena woimba mwini wake ngati anadzilipirira yekha. Opeka ndalama zawo amawatolerera ndi mabungwe ngati ASCAP, BMI ndi SESAC, ndipo mitengo ya kumeneko wailesi yaing'ono imatha kupirira nayo. Povuta ndi mbali yachiwiriyi. Mawailesi a FM ndi AM ku America salipira olo senti imodzi kwa woimba kapena kampani yojambula, amangolipira opeka basi, ati kuika nyimbo pa wailesi ndi kuitsatsa kale. Ku UK ndi ku South Africa sizili choncho, kumeneko woimba amalandira, koma eni mawailesi a ku America ali ndi mphamvu ku Congress moti bilu yofuna kusintha zimenezi ikabwera imafera m'njira. Nde intaneti itayamba kukula makampani ojambula anati apa pokha ayi, simutidyeranso masuku pamutu. Lamulo la 1995 ndi lina la 1998, lija amalitcha DMCA, anakhazikitsa kuti woulutsa nyimbo pa intaneti azilipiranso chojambulacho. Bungwe lotolera ndalama zimenezi ndi SoundExchange.

Tsopano tamverani kawerengedwe kake, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Nyimbo imodzi kwa womvera mmodzi, chimenecho ndiye chinthu chimodzi cholipira. Anthu 100 akamvera nyimbo imodzi nthawi imodzi, kwa iwo mwaiimba ka 100. Mtengo wa mu 2021 kwa wailesi imene omvera ake salipira unali $0.0021, kandalama kooneka ngati nthabwala, ndipo kamakwera malinga ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Tengani pensulo. Tinene kuti muli ndi omvera 100 nthawi ina iliyonse, mukuika nyimbo 15 pa ola, usana ndi usiku. Ndiye kuti 1,500 pa ola, 36,000 pa tsiku, 13,140,000 pa chaka. Chulukitsani ndi kandalama kaja, mupeza $27,594. Omvera 100 okha, kawailesi koti wotsatsa malonda sangakayang'ane n'komwe! Omvera akafika 200 bilu nayo yawirikiza kawiri pomwe m'thumba mwanu simunalowe kanthu. Zili ngati mayi wa kagolosale amene akhonsolo akumudula chiphaso pa munthu aliyense wolowa pakhomo, kaya wagula kaya wangobwera kudzathawa dzuwa. Mwini wailesi amafika popemphera kuti anthu asamukonde kwambiri.

Nkhondo ya mitengoyi yamenyedwa katatu. Koyamba ndi mu 2002, pamene James Billington, mkulu wa laibulale ya Congress (ofesi yoona za umwini wa zopeka ili pansi pa laibulaleyo, nchifukwa chake mawu omaliza anali ake) anagamula $0.0007, ndipo ngongole yake inayenera kuwerengedwa kubwerera m'mbuyo mpaka 1998. Timawailesi tambiri tinangozimitsa, kuphatikizapo SomaFM ya Rusty Hodge ku San Francisco. Chakumapeto kwa chaka chomwecho Congress inatulutsa lamulo lothandiza ang'onoang'ono, loti m'malo mowerenga makutu azipereka gawo la ndalama zimene apeza, 10 kapena 12 pa 100 iliyonse. SomaFM inabwerera, ndipo ilipo mpaka lero, imakhalira zopereka za omvera ake.

Kachiwiri ndiye kunali phokoso lenileni. Mu March 2007 majaji atatu a Copyright Royalty Board, amene anapatsidwa ntchito yoika mitengoyi, anagamula kuti mtengo uyambire $0.0008 wa chaka cha 2006 nkumakwera mpaka $0.0019 mu 2010, njira ya maperesenti ija osaitchula n'komwe, kuonjezera apo $500 pa tchanelo chilichonse pa chaka. Kwa Pandora, kumene womvera aliyense amadzipangira matchanelo akeake angapo, $500 imeneyo yokha inali yokwanira kutseka kampani. Kwa ang'onoang'ono ambiri bilu inaposa ndalama zonse zimene ankapeza pa chaka. Zinafika pa mwana wakana phala. Pa 26 June 2007 mawailesi a pa intaneti, aakulu ndi aang'ono omwe, Pandora, Live365, Yahoo, SomaFM ndi enanso ambiri, anakhala chete tsiku lonse, munthu ukatsegula umangomva kapena kuwerenga uthenga woti imbira phungu wako. Anthu anaimbadi. Aphungu awiri, Jay Inslee ndi Don Manzullo, anali atabweretsa kale bilu yoti mawailesi a pa intaneti azipereka 7.5 pa 100 ya ndalama zawo, zofanana pang'ono ndi mawailesi a pa satellite amene nthawi imeneyo mtengo wawo unali pakati pa 6 ndi 8 pa 100. Biluyo sinadutse. Chimene chinadutsa ndi malamulo awiri, la 2008 ndi la 2009, ongopereka mpata woti SoundExchange ndi mawailesi akakambirane okha pambali. Ang'onoang'ono anabwererako ku maperesenti, koma panganolo linali ndi tsiku lothera, 31 December 2015.

Kachitatu kunalibe ndi tsiku lokhala chete lomwe. Mu December 2015 majaji aja anaika $0.0017, mtengo woti makampani akuluakulu ngati Pandora ndi iHeart amatha kukhala nawo, ndipo poti akuluakulu anali atakhuta panalibenso wolipira maloya kuti akalankhulire ang'onoang'ono. Pangano lawo linangotha osalikonzanso. Live365, imene kuyambira 1999 inkasunga timawailesi masauzande ta anthu wamba nkumatilipirira malayisensi pamodzi, inatseka pa 31 January 2016, oika ndalama mu kampaniyo nawonso anali atathawa. Mmene kumacha, munthu amene kwa zaka khumi ankaika jazz ya m'ma 1930, wina polka, wina highlife ya ku Ghana, onse analibe poimbira.

Ndiye inu mutani? Njira yosavuta ndi kulowa pansi pa kampani imene mtengo wake wa pamwezi ukuphatikiza malayisensi. Live365 yomweyo inatsegulidwanso mu 2017 ndi mwini wina ndipo imachita zimenezi kwa omvera a ku America, Canada ndi UK, kungoti phukusi lililonse lili ndi malire a maola omvera. Samalani ndi makampani ena amene amakupatsani seva yaulere kapena yotchipa, werengani timawu tating'ono ta m'munsi tija, ambiri amanena poyera kuti za malayisensi ndi zanu. Njira ina ndi ya mabungwe osapanga phindu. Amenewa amalipira ndalama imodzi pa chaka, mu 2021 inali $1,000, bola asapyole maola omvera 159,140 pa mwezi, amene ndi ngati anthu 218 kumvera osalekeza. Koma osapanga phindu apa akutanthauza bungwe lolembetsedwa ku boma kuti sililipira msonkho, monga mpingo, sukulu kapena asosiyeshoni, osati munthu wa mtima wabwino ali m'chipinda chake. Ngati gulu la aMalawi kwanuko linalembetsedwa motero, kambiranani nawo.

Chinanso chimene ambiri sachidziwa, layisensi imeneyi ili ndi timalamulo take. M'maola atatu simungaike nyimbo zoposa zinayi za woimba mmodzi, kapena zoposa zitatu za m'chimbale chimodzi, komanso simungalengezeretu ndandanda wa nyimbo zimene zikubwera. Nde zoti Loweruka lonse tiimba za malemu akutiakuti mwakuwakumbukira sizitheka, pokhapokha mwini wa zojambulazo atakulolani. Ndipo chimenechi ndiye chida chanu chachikulu. Oimba ambiri akumudzi zojambula zawo ndi zawo, palibe kampani pakati, mukawapempha chilolezo cholemba, osati cha pa voisi noti, nyimbo zawozo sizilowanso mu bilu ya SoundExchange. Mbali ya wopeka imakhalapobe koma ija ndi yopepuka.

Ankolo ndine woimba, ndili ku Ndirande. Ine zimandinyansa anthu akamamvera chisoni eni mawailesi ngati kuti ife oimba timadya mphepo, situdiyo timalipira, wa gitala timalipira, vidiyo timalipira. Msuweni wanga ali ku Texas anamva nyimbo yanga pa wailesi ina ya pa intaneti kumeneko. Ndalama yanga ili kuti?
Mphwanu wa ku Ndirande

Mphwanga, kukwiya kwakoko kuli ndi mutu, ndipo ine sindinanenepo kuti woimba asalipidwe. Tiyambe ndi ndalama yakoyo.

Ngati wailesiyo ili ndi layisensi, ndalama ilipo, yakhala ku SoundExchange ikudikira mwini wake. Iwo amatolera pa nyimbo iliyonse imene yaimbidwa, olo woimbayo asanalembetse. Kagawidwe kake kanalembedwa m'lamulo momwe, 50 pa 100 kwa mwini wa chojambula, 45 kwa woimba amene dzina lake lili pa nyimbo, 5 yotsalayo imapita ku thumba la oimba zida ndi othandizira mawu. Ngati situdiyo unalipira wekha ndipo sunasainirane ndi kampani iliyonse, iwe ndiwe mbali ziwiri zoyambazo, 95 pa 100, ndipo polembetsa ulembetse mbali zonse ziwiri. Kulembetsa ndi kwaulere, sufunika kukhala nzika ya America, wina akakuuza kuti umupatse kangachepe kuti akulembetsere ameneyo ndi dobadoba. Adzakufunsa fomu ya msonkho ya anthu akunja yotchedwa W-8BEN, ndipo kwa anthu a maiko amene alibe pangano la misonkho ndi America boma lawo limadulapo 30 pa 100. Mbali ya wopeka ndi njira ina, imeneyo imadutsa ku COSOMA ngati ndiwe membala ndipo nyimboyo unailembetsa, chifukwa mabungwe oterewa amatolerana ndalama kudzera m'mapangano awo.

Koma pali chinthu chimene chimadya ndalama za oimba athu kuposa wakuba aliyense. Wailesi imatumiza lipoti la zimene yaimba, ndipo lipotilo limatengera zimene zalembedwa mkati mwa fayilo. Nyimbo yako inafika ku Texas kudzera pa WhatsApp, yadutsa mafoni asanu ndi awiri, dzina lake pano ndi AUD-20230514-WA0007.mp3, pa woimba palembedwa Unknown Artist, pa chimbale pali dzina la webusayiti imene wina anaidawunilodapo. Kompyuta ya SoundExchange ku Washington idziwa bwanji kuti ameneyu ndi mnyamata wa ku Ndirande? Nyimbo iliyonse izituluka ndi dzina lako lolembedwa chimodzimodzi nthawi zonse, osati lero ndi z mawa ndi s, mutu wa nyimbo, ndi nambala ya ISRC, ija ya zilembo ndi manambala 12, imene makampani ofalitsa nyimbo ngati DistroKid, TuneCore kapena CD Baby amakupatsa ukamakweza nyimbo. Ndipo DJ uzimutumizira wekha fayilo yoyera.

Tsopano usayambe kufunsa mtengo wa galimoto. Pa mtengo wa 2021 uja, nyimbo yako ikaimbidwa kamodzi kwa omvera 100 yapanga masenti 21. Ikaimbidwa ka 50 yapanga $10.50, asanadule chilichonse. Apa ndi pamene ine ndimasiyana ndi amene amati mtengo ukakwera oimba onse apindula. Ndalama zenizeni za SoundExchange zimachokera kwa SiriusXM (kampani ya wailesi ya pa satellite), Pandora ndi ena akuluakulu, ndipo zambiri zimapita kwa oimba amene akuimbidwa kale paliponse. Kawailesi ka omvera 100 kakatsekedwa chifukwa cha bilu ya $27,000, woimba wotchuka wa ku Atlanta samva n'komwe, koma iwe wataya malo okhawo ku Texas konse amene amaika nyimbo ya Chichewa. Sikuti ndalama ija yasamukira kwa iwe, yangosowa basi, pamodzi ndi munthu uja akanakumva nkukuitana ku chikondwerero chinachake. Kulipira ayenera kulipira, koma malinga ndi zimene apeza, ngati mmene zinalili pakati pa 2002 ndi 2015 pamene mapangano aja ankagwira ntchito.

Usasokoneze ndi Spotify, kumene munthu amasankha yekha nyimbo. Kumeneko SoundExchange kulibe, ndalama imadutsa kwa wofalitsa wako, ndipo kuyambira 2024 nyimbo imene sinamveredwe ka 1,000 m'miyezi 12 silandira kanthu pa mbali ya chojambula.

Ankolo, kale ndinkamvera mawailesi akumudzi pa TuneIn bwinobwino ndikamagwira shifiti ya usiku. Pano mawailesi ambiri akunja amangokana, ati sapezeka m'dera langa. Foni yanga yavuta kapena?
Mayi N., Leicester

Foni ili bwino achemwali, ndi khoti. Sony ndi Warner anasumira TuneIn ku London, ndipo mu November 2019 High Court inagamula kuti TuneIn ikamalumikiza anthu a ku UK ku mawailesi a nyimbo akunja amene alibe layisensi ya ku UK, ikuphwanya lamulo la umwini. TuneIn inati ife ndife ngati buku la manambala chabe, timangoloza njira, koma jaji sanamve zimenezo, ndipo apilo yawo inakanidwa mu 2021. M'malo mofufuza wailesi imodziimodzi anangotseka chitseko kwa akunja ambiri, olakwa ndi osalakwa omwe. Radio Garden, apu ya ku Netherlands ija ya dziko lozungulira lodzaza timadontho tobiriwira, nayonso inadzachita chimodzimodzi kwa anthu a ku UK.

Gwero lake ndi lakuti malayisensi a nyimbo amayendera malire a dziko pomwe intaneti malire siiwadziwa. Wailesi ya ku Lilongwe ikalipira COSOMA yalipirira omvera a ku Malawi, ku UK eni nyimbo amayembekezera PRS ndi PPL. Chochita chanu nchosavuta, siyani kudzera kwa mkhalapakati. Pitani pa webusayiti ya wailesiyo, kapena apu yake, kapena tsamba lake la Facebook, mawailesi akuluakulu akumudzi ambiri amaulutsa okha mwachindunji ndipo chigamulo chija chinali cha TuneIn, osati cha inu womvera.

Ankolo ndinawerenga za Pandora kuti imakupezera nyimbo zatsopano zogwirizana ndi mtima wako, ndayesa kuitsegula ikukana. Komanso Spotify yanditopetsa, imangondibweretsera amapiano omwewomwewo ngati kuti dziko lonse kulibe nyimbo zina. Nyimbo zachilendo anthu amazipeza kuti?
Wophunzira, Zomba

Mwana wanga, Pandora siidzatseguka, ndipo chifukwa chake ndi nkhani yomwe ija ya 2007. Layisensi ya boma imene amagwiritsa ntchito imathera m'malire a America. Mu May 2007 anatseka pafupifupi maiko onse akunja, UK anaitseka mu January 2008, Australia ndi New Zealand anayesako kwa zaka zingapo nkuchokako mu 2017. Mu 2019 inagulidwa ndi SiriusXM pa mtengo wa pafupifupi $3.5 biliyoni.

Nzachisoni pang'ono chifukwa nzeru yake inali yokoma. Tim Westergren ndi anzake anayamba mu 2000 ntchito yotchedwa Music Genome Project, analemba ntchito anthu odziwa kuimba kuti azikhala ndi mahedifoni nkumamvera nyimbo imodziimodzi, kulemba zinthu mpaka pafupifupi 450 pa nyimbo, mawu ndi okhuthala bwanji, ng'oma ikuyenda motani, gitala ndi wamagetsi kapena ayi, zonsezo. Nde ukaiuza nyimbo imene umakonda, inkakufunira ina yofanana nayo mamvekedwe, kaya woimbayo ndi wotchuka kaya amamudziwa ndi amayi ake okha. Spotify, imene inafika ku Malawi mu February 2021, imadalira kwambiri zimene anthu ena ofanana nawe akumvera ndi zimene iweyo wamvera kale. Ukamvera amapiano masiku atatu yakuika m'gulu la amapiano, ndipo ikuopa kukupatsa china kuti ungatseke apu. Cholinga chake nchakuti usachoke, osati udabwe. Ali ndi pulogalamu inanso yotchedwa Discovery Mode, imene woimba kapena kampani amavomera kulandira ndalama yochepa kuti nyimbo yake izikankhidwa kwambiri. Kale ku America kulipira DJ mwamseri kuti aike nyimbo unali mlandu, unagwetsa Alan Freed cha m'ma 1959 ndi 1960, lero zasanduka batani lodina. Ndipo poti nyimbo zoposa 100,000 zimakwezedwa tsiku lililonse pa mapulatifomu amenewa, wosakankhidwa amangomira.

Kwa ine munthu amaposabe makina pa ntchito imeneyi, munthu amene ali ndi misala yakeyake pa nyimbo ndipo saopa kukutopetsa kwa mphindi zisanu. Yesa NTS ya ku London, inayambitsidwa ndi Femi Adeyemi mu 2011 m'kachipinda ku Dalston, ola lililonse kuli DJ wina ndi dziko lina, mwina upeza wina akuika Zamrock ya ku Kitwe ya m'ma 1970 imene iwe woyandikana nayo nyumba sunaimvepo. KEXP ya ku Seattle nayo ndi yabwino, makamaka oimba akamaimba pompopompo mu situdiyo yawo. Radio Paradise, imene Bill ndi Rebecca Goldsmith anaiyamba mu 2000, ndi imodzi mwa zimene zinapulumuka nkhondo zonse zitatu zija, ilibe malonda, nyimbo amasanja ndi anthu. SomaFM ndaitchula kale. Radio Garden kwa iwe uli ku Zomba imagwira bwinobwino, zungulitsa dziko ndi chala, uime pa Bamako, Recife kapena Antananarivo umve zimene anthu akumvera pophika. Ikakugunda mtima tsegula Shazam pa foni ina, ukapeza dzina ukalilembe mu Spotify yomweyo, ukatero kangapo kompyuta ya Spotify yokusankhira nyimbo ija iyamba kusokonezeka mutu ndipo ndi mmene imakhalira bwino.

Ankolo ndimasewera nyimbo pa Facebook Live Lachisanu lililonse, anthu akangoyamba kuchuluka amandizimitsa mawu kapena kundidula kumene. Ena akuti ndizilemba kuti nyimbozi si zanga. Zithandiza?
DJ wa ku Joni

Sizithandiza aise, kulemba kuti si zako ndi kuvomera mlandu chabe. Okudulawo si anthu, ndi makina amene amafananiza mawu ndi nyimbo zimene makampani analembetsa, pa YouTube amati Content ID, pa Facebook Rights Manager. Mapangano a Facebook ndi makampani a nyimbo ndi a timavidiyo ta anthu wamba, osati munthu kusandutsa tsamba lake wailesi, ndipo malamulo awo amanena zimenezi poyera. Kuthamangitsa nyimbo pang'ono kapena kulankhula pamwamba pake mwina upulumuka mphindi khumi, koma tsamba likatsekedwa otsatira ako onse apita nalo. Samukira ku Mixcloud, anapangira ma DJ ndipo ali ndi malayisensi, kuulutsa pompopompo kumafuna akaunti yolipira pamwezi. Facebook uziigwiritsa ntchito poitanira anthu basi. Ukafuna wailesi yakoyako kumeneko, maofesi ake ndi SAMRO ya opeka, SAMPRA ya zojambula ndi CAPASSO ya ufulu wokopera nyimbo.

Ankolo, achinyamata a pa mpingo wathu tikufuna kuyamba wailesi ya pa intaneti konkuno, ya nyimbo zauzimu ndi zokambirana. Tiyambire pati, ndipo anthu sadzadandaula bandulo?
Mlembi wa achinyamata, Area 25

Zipangizo si vuto. Kompyuta imodzi, maikolofoni, pulogalamu yaulere ngati Mixxx yosanjira nyimbo, ndi seva ya Icecast kapena Shoutcast imene mungabwereke pamwezi. AzuraCast nayo ndi yaulere ndipo imatha kumaika nyimbo yokha magetsi akathima kwanuko, poti imakhala pa seva osati pa kompyuta yanu.

Musanaulutse kanthu pitani ku COSOMA, ili mu Lilongwe momwemo. Bungweli lilipo kuyambira 1992, pano likuyendera lamulo la Copyright la 2016, ndipo kuulutsa nyimbo kwa anthu kumafuna chilolezo kaya ndi pa mlongoti kaya pa intaneti. Zoti ndi nyimbo za Mulungu sizichotsa umwini, wakwaya amene anapeka uja nayenso amagula ufa. Mukafotokoze bwinobwino kukula kwanu, omvera angati, ndalama mukupeza kapena ayi, ndipo zimene mwagwirizana zikhale pa pepala. Mudutsenso ku MACRA mukafunse za chilolezo cha zoulutsa. Kuyambira tsiku loyamba muzisunga ndandanda wa nyimbo iliyonse imene mwaika, dzina la woimba ndi wopeka, chifukwa popanda ndandanda umenewo ndalama imene mwalipira siidziwa kwa mwini wake. Makwaya a m'dera lanu amene anajambula okha apempheni chilolezo cholemba, ambiri adzakondwa.

Za bandulo, zili m'manja mwanu posankha kulemera kwa mawu. Mukaulutsa pa 128 kbps womvera amatha pafupifupi 58 MB pa ola, pa 64 kbps ndi 29 MB, pa 32 kbps ndi 14 MB. Pa foni ya sipika imodzi kusiyana kwa 128 ndi 64 palibe angakumve, makamaka mukasankha AAC+ m'malo mwa MP3, ndipo yopepukayo siidukaduka netiweki ikafooka. Ikani ziwiri, 32 ya akumudzi kuno ndi 128 ya aja ali kunja pa wifi, aliyense azisankha yekha.